Kadishi ya Bambo Kuseri kwa Katani

Madaraka, Nairobi
14 Julayi, 2019

Okondedwa achemwali anga a Bernadette,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti kwazizira ngati kwathu ku Bembeke, ndipo mwana wathu wamkazi Sungeni wakhala akutsokomola, koma kusukulu akupita. Alamu anu a Gideoni amakhalitsa ku Machakos ndi alimi awo a mthirira, amabwera Lachisanu lokha. Kalatayi ndapatsira Lusayo, mtsikana wa ku Karonga amene amaphunzira pa yunivesite ya pafupi nafe. Akukwera ndege Lachiwiri ndipo wati adzakupezani yekha ku Area 25. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni inu ndi ine timadulana mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka pothera.

Uthenga wa chiliza cha bambo ndaulandira, ndipo tibwera tonse atatu. Koma pali mawu amene munandiuza tsiku lija tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, maliro ataikidwa. Munati, “Tionenji, wakhala ngati mlendo pa maliro a bambo ako. Nyimbo sunaimbe, kolona sunagwire. Kodi kwa Ayuda anzakowo salira?” Sindinakuyankheni, chifukwa ndikanatsegula pakamwa tikanayambana anthu akuona. Ndikuyankheni tsopano. Kuno amalira, achemwali, ndipo ine ndalira bambo chaka chonsechi. Kungoti kuti ndiloledwe kuwalira ndinachita kulimbana nazo.

Nditabwerera kuno ndinakhala pansi masiku amene anatsala pa sabata ya maliro, monga mwambo umanenera. Tinaphimba magalasi odziyang'anira, ndinang'amba bulauzi pachifuwa, nsapato osavala. Amayi a m'gulu lathu la mapemphero ankabwera ndi mazira owiritsa ndi buledi, n'kukhala nane chete mpaka ine nditayamba kuyankhula. Zinandikumbutsa pasiwa kwathu, kupatula kuti panalibe woimba.

Gulu lathuli ndi laling'ono. Sitipita ku sunagoge wa m'tauni. Timakumana Loweruka lililonse ku Runda m'nyumba ya a Dinah, mayi wamasiye wa msinkhu wa amayi athu. Amene amatsogolera mapemphero ndi mlongo wawo wamkulu, a Avram. Awiriwa anabadwira ku Nakuru makolo awo atathawa nkhondo ku Ulaya, ndipo Chiswahili amachiyankhula kuposa ine. Pabalaza pa a Dinah pamakhala katani yoyera yodula chipinda pakati. Amuna amakhala kutsogolo kumene kuli mpukutu wa Malamulo a Mose, ife akazi kumbuyo. Zimenezi ndinazidziwa ndisanalowe Chiyuda ndipo sizinandivute. Ndinkati ngakhale m'tchalitchi cha kwathu abambo amakhala kwawo, amayi kwawo.

Tsono pali pemphero lina lotchedwa Kadishi. Mwana amene kholo lake lamwalira amaimirira pakati pa anthu n'kulinena mokweza kwa miyezi khumi ndi umodzi, anthu n'kumayankha kuti Ameni. Mukalimva mungadabwe, chifukwa silitchula imfa ngakhale dzina la womwalirayo. Limangotamanda Mulungu n'kupempha mtendere. Koma munthu sanena yekha m'chipinda. Pamayenera kukhala amuna khumi Achiyuda. Akazi, kaya tikhale makumi angati, sitiwerengedwa. Ndipo m'gulu lathu chiyambire panalibe mkazi amene analinenapo.

Bambo anabala ife akazi okhaokha, inu mukudziwa mmene anthu ankawasekera nazo, ndiponso mmene iwo ankayankhira kuti ana awo ndi okwana. Ndiye ndinapita kwa a Avram. Musawaganizire zoipa. Ndi munthu woyamba amene anandilandira m'gulumo, ena akundiyang'anabe ngati wantchito amene wasochera chitseko. Sungeni zilembo za Chihebri anamuphunzitsa ndi iwo, ndipo amawatcha agogo.

Ndinati, “Bambo, ndikufuna kunena Kadishi ya bambo anga.”

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anati, “Mwana wanga, pole sana, pepa kwambiri. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, mkazi sanena Kadishi kuno. Chachiwiri, bambo ako anali Mkhristu. Munthu akalowa Chiyuda amakhala ngati khanda lobadwa kumene. Lamulo silikukakamiza kuwalira motere.”

“Silikundikakamiza, nanga likundiletsa?”

“Gideoni anganene m'malo mwako. Ndi mkamwini wawo, ndi zololedwa.”

“Gideoni anakumana nawo kangapo kokha,” ndinatero. “Amene anaphunzira kuwerenga ali pamiyendo pawo ndine.”

Anangoti, “Mmene ndinazipezera ndi mmene ndidzazisiyire.”

Alamu anu analidi okonzeka kunena m'malo mwanga, ndipo anadabwa nditakana. Ndinalembera arabi a ku Johannesburg, ndiye kuti mphunzitsi wa malamulo a Chiyuda, amene anandiphunzitsa zaka zitatu zija ndisanaloledwe kulowa. Anandiyankha mwachidule kuti akuluakulu a malamulo amasiyana pa nkhaniyi, koma iwo akuona kuti palibe choletsa. Mwana angalemekeze bambo womubala ngakhale asakhale Myuda, ndipo mkazi anganene Kadishi ali kumbali ya akazi, bola amuna khumi alipo. A Gideoni anapita nalo yankholi kwa amuna anzawo. Anakambirana, ena mokondwa, ena monyinyirika, n'kuvomera. A Avram anati, “Sindingatsutse arabi. Anene. Koma makutu anga sadzakhalapo.”

Poyamba sindinamvetse tanthauzo lake. Inali nyengo ya zikondwerero za chaka chatsopano chathu mu Seputembala, ndipo amuna anali ambiri, mpaka ena ataima m'khonde. Nthawi ya Kadishi itakwana ndinaimirira kuseri kwa katani, buku lili m'manja. Ndinamva mpando ukukokedwa, kenako chitseko cha kukhonde. A Avram anatuluka. Ndinayamba ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani, ndipo pamene amuna anayankha Ameni woyamba misozi inayamba kutsika. Kunali kulira kwanga koyamba kwenikweni chimwalirireni bambo. Nditamaliza, a Avram analowanso n'kupitiriza mapemphero ngati palibe chachitika.

Zikondwerero zitatha, anthu anachepa monga mwa masiku onse. Ambiri m'gulu lathu ndi a m'mabungwe a mayiko osiyanasiyana amene ali ku Gigiri, muno mu Nairobi, lero ali kuno, mawa ali ku Juba kapena ku Geneva. Loweruka lambiri amuna ankakwana khumi ndendende, kuwerengera a Avram. Ndiye muone mmene zinkakhalira. Mapemphero onse ankayenda bwino, mpukutu n'kutulutsidwa, n'kuwerengedwa. Ikafika nthawi yanga, a Avram n'kutuluka, amuna n'kutsala naini, ine n'kutseka buku. Palibe amene ankandiletsa. Ndinkangoima pamenepo mpaka wina atatsokomola, mapemphero n'kupitirira. Pa chakudya cha pambuyo pake a Avram ankandipatsa moni mwaulemu, n'kumuikira Sungeni keke m'mbale.

Amene analephera kupirira nazo ndi Noa, mtsikana wa ku Israeli amene amagwira ntchito yoona za ufulu wa amayi ku bungwe lina la ku Gigiri. Loweruka lina mu Disembala, a Avram atangotuluka, Noa anaimirira n'kukoka katani yonse mpaka kukhoma. Tinangopezeka tikuyang'anana ndi amuna maso ndi maso.

Anati, “Werengani bwino. Inu mulipo naini, ife tilipo seveni. Pano pali dokotala wa ana, pali loya, pali mayi amene nyumba ino ndi yake. Mukuti palibe munthu mmodzi pano?”

Mwamuna wina anati, “Noa, si nkhani ya kunyoza. Ndi lamulo.”

“Lamulo limatinso tisayendetse galimoto pa Sabata,” anatero Noa. “Nanga magalimoto adzaza panjawo abwera okha?”

Apo ananena zoona. Kuchokera ku Madaraka kukafika ku Runda ndi mtunda wosayendeka pansi, ndipo tonse timabwera pa galimoto, a Avram n'kumayang'ana kumbali. A Dinah anaimirira, n'kubwezera katani pamalo pake mwakachetechete, n'kunena kuti, “M'nyumba mwanga sakuwa. Chakudya chikuzizira.”

Noa sanabwerenso. Anayambitsa gulu lake kunyumba kwake, kumene akazi amawerengedwa, amavala nsalu ya pemphero ngati amuna, ndipo amatsogolera okha. Anandiitana ndipo ndinapitako kamodzi. Sindikubisirani, kunali kokoma. Ndinaima pakati pa anthu popanda katani, ndinanena Kadishi yonse, ndipo amene ankatsogolera anali mkazi wapakati. Pobwerera Noa anandiperekeza mpaka pa siteji ya matatu, maminibasi a kuno.

Anati, “Ukudikira chiyani kumeneko? Ukupempha chilolezo kwa anthu amene sadzakuwerenga mpaka kufa.”

Ndinati, “Mwina ukunena zoona. Koma iwe unabadwa Myuda. Ukhoza kutuluka chitseko chilichonse n'kukhalabe Myuda. Ine ndikatuluka kumene kuja, adzati tinkanena, mkazi wa ku Malawi uja sanalowe ndi mtima wonse. Ndipo adzatero ndi kwa Sungeni yemwe.”

“Ndiye ukukhalira mantha.”

“Mbali ina ndi mantha,” ndinavomera. “Koma kumene kuja ndi kwathunso. Ndinakusankha ndekha, ndipo anthu aja ndi amene anakhala nane pansi pa maliro. Ndikufuna ndiwalire bambo pakati pa iwowo.”

Anandikumbatira n'kunena kuti ndine wouma mutu kuposa a Avram. Timachezabe mpaka lero, ndipo pali masiku amene ndimaona kuti wolondola ndi iye.

Kunyumba nakonso sikunali bwino. Tsiku lina tikubwerera ku Runda, tili pa jamu ya magalimoto pa Uhuru Highway, ndinafunsa alamu anu kuti, “Bambo a Sungeni, inuyo panokha, mukanakhala wogamula, mukanandiwerenga?”

Anati, “Kadishi uyenera kunena, pamenepo ndili nawe. Koma kukuwerenga pa khumi, ayi, sindingathe. Si ine ndinaika zimenezo.”

Ndinati, “Zikomo poti mwanena zoona.” Ndipo ndinathokozadi kuchokera pansi pa mtima, koma mlungu umenewo tinkangoyankhulana za sukulu ya mwana ndi gasi wophikira. Mwamuna amene anandidikira zaka zitatu kuti andikwatire, amene amandiimbira nyimbo yotamanda mkazi wangwiro Lachisanu lililonse tisanadye, ndi yemweyo amene akawerenga anthu m'chipinda amandidumpha. Ndinazidziwa kale zimenezi m'mabuku, koma kuzimva m'galimoto mwako n'kwina.

Chimene sindinayembekezere chinachokera kwa a Dinah. Iwo chiyambire sanandiuzepo kuti ali mbali yanga. Nditangoyamba anandiuza kuti, “Mkazi ali ndi mapemphero ake, makandulo, mtanda wa buledi, ana. Zinazi n'zolemetsa chabe.” Koma kuyambira mu Januwale tinayamba kuona nkhope zachilendo. Kunabwera mkulu wina wolima maluwa ku Naivasha amene anali asanapondemo zaka zambiri. Kunabwera dokotala wa mano wa ku Westlands amene amanena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, koma nsomba ya a Dinah amaikhulupirira. Tsiku lina kunabwera anyamata awiri oona malo, atavala makabudula, akuchokera kokwera phiri la Kenya. Askari, mlonda wa pageti, ndi amene anandiuza kuti Lachinayi lililonse a Dinah amakhala pakhonde ndi foni, kuimbira aliyense amene amumvapo kuti ndi Myuda, ngakhale m'mahotela.

Nditawathokoza anati, “Usandithokoze. Ndimaphika zambiri, sindifuna kutaya chakudya.”

Motero miyezi inayenda. Masabata ena amuna ankapitirira khumi ndipo ndinkanena, masabata ena ayi. Ndinaphunzira kusuzumira pampata wa katani n'kuwerenga mapewa a amuna ndisanakhale n'komwe pansi.

Loweruka la sabata yathayi ndilo linali lomaliza pa miyezi yanga. Kunali chifunga ndi kamvula kowaza. Wa ku Naivasha uja analonjeza kubwera, koma sanafike. Tinamva pambuyo pake kuti lole inagwa pa msewu wa kuphiri n'kutseka njira. Amuna analipo khumi, a Avram wa khumi. Anachedwetsa mapemphero mwadala, ndinaona, akuyang'anayang'ana kugeti. Iwonso ankafuna kuti wina abwere awapulumutse. Palibe anabwera. Nthawi inakwana, mpando unakokedwa, chitseko chinatseguka.

Sindinakonzekere chimene ndinachita. Ndinaika buku pampando, ndinatulukira kukhitchini, n'kuzungulira nyumba mpaka kukhonde. Ndinawapeza ataima, nsalu yawo ya pemphero ili pamapewa, akuyang'ana mvula. Atandiona anadzidzimuka.

Ndinati, “Bambo, lero ndi lomaliza.”

“Ndikudziwa,” anatero. “Ndakhala ndikuwerenga nawe.”

“Sindikupempha kuti muvomereze. Musayankhe Ameni ngati simukufuna. Mungoima m'katimo.”

Anapukusa mutu. “Iwe ukuganiza kuti ndimakuda. Bambo anga anafika ku Mombasa ndi sutikesi imodzi. Makolo awo, alongo awo, mudzi wonse, palibe anatsala. Chimene anapulumutsa ndi mapemphero awa, mmene ankanenedwera kwawo. Anandipatsa ine. Ndikasuntha chimodzi lero, mawa wina asuntha china, ndipo ndidzafa ndisakudziwa ngati chimene ndasiya ndi chomwe ndinalandira.”

 Ndinkawamvetsa, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa chakuti ndinkawamvetsa. Ndinangoti, “Bambo anga anali katekisiti. Nditawauza kuti ndikulowa Chiyuda anakhala osandiyankhula miyezi ingapo. Kenako anakwera basi masiku atatu kudzaona mwana wanga atabadwa, ndipo anadya chakudya cha Sabata m'nyumba mwanga atavula chipewa, ine n'kuwauza kuti kuno amavala, iwo n'kuseka n'kuchivalanso. Sanavomereze mpaka kufa. Koma anabwera.”

Nthawi imeneyo a Dinah anali atatuluka, ataima pafupi nafe atapinda manja. Anayankhula ndi mlongo wawo mosakweza mawu.

Anati, “Avram, amayi atadwala ku Nakuru unali ku sukulu ku Ulaya. Ndinawasambitsa ndine, ndinawadyetsa ndine, anafera m'manja mwanga. Iwe unabwera pa ndege n'kunena Kadishi, ine ndili kukhitchini kuwiritsa mazira a alendo. Sindinadandaule, ndipo lero sindikudandaula. Sindinakupemphepo kanthu pa za mapemphero m'nyumba ino. Lowa, mwanayu amalize.”

“Dinah, usandichite zimenezi.”

“Ndakuchita kale. Lowa, ukuzizidwa.”

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anayenda mpaka pachitseko cha pabalaza, n'kuponda m'kati phazi limodzi ndi linzake, osapitirira pamenepo, nkhope atalozetsa kukhoma. Ine ndinathamanga kuzungulira nyumba, nsapato zitanyowa, n'kukaima pamalo panga. Ndinamva alamu anu akunena chapansipansi kuti, “Takwana.” Ndinanena Kadishi yonse osayang'ana m'buku.  A Avram sanayankhe ngakhale kamodzi, ndinkamvetsera. Amene anayankha mokweza kuposa amuna onse anali a Dinah, ali pambali panga, maso ali gwa kutsogolo ngati akukalipira munthu.

Nditamaliza, a Avram anapinda nsalu yawo n'kupempha mwamuna wina kuti atsirize mapemphero. Sanadye nafe. Podutsa anandiuza kuti, “Mulungu akutonthoze pamodzi ndi onse olira,” amene ndi mawu a mwambo, n'kusisita Sungeni pamutu, n'kupita.

Dzulo sanabwere. Aka n'koyamba kujomba chifikireni ine m'gulumo. Amuna analipo naini, ndiye mpukutu sunatulutsidwe, ndipo panali mkulu wina amene linali tsiku lokumbukira imfa ya mkazi wake, iyenso sanathe kunena Kadishi. Palibe anandinena, koma ndinaona mmene ena ankandiyang'anira. A Dinah akuti mlongo wawo abwera mkwiyo ukatha, akuti amamudziwa. A Gideoni akuti akawaona mawa asanapite ku Machakos. Ine sindikudziwa. Noa nditamuuza anati, “Ndiye wapambana chiyani? Katani ikadalipo, sakukuwerengabe, ndipo wakhumudwitsa nkhalamba.” Ndinamuuza kuti sindinapite kukapambana. Koma funso lake ndikuyenda nalobe, makamaka ndikamuyang'ana Sungeni, amene tsiku lina adzafuna kundinenera ine pemphero lomweli, ndipo mlongo alibe.

Tsopano zopempha zanga. Pa maliro paja anayankhula amalume a Masauko, a mpingo, a kwa bambo ndi a komiti ya sukulu. Ife ana awo asanu tinangokhala pamphasa. Pa chiliza ndikupempha kuti mmodzi wa ife aimirire anene za bambo. Sindikunena ine, ndikudziwa kuti ena sangakondwe. Ndikunena inu, ndinu woyamba kubadwa ndipo mumayankhula bwino pagulu. Mukawauze amalume nthawi ikadalipo, asadzadzidzimuke pa tsikulo. Akakana, mundiuze, ndiwaimbira ndekha.

Ndinenerenso pano kuti tisadzakhumudwitsane kachiwiri. Misa ndidzakhalapo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma sindidzalandira, ndipo nyimbo zina sindidzaimba. Kadishi sindidzanena kumanda, chifukwa kulibe amuna khumi aja ndipo nthawi yake yatha. Chimene ndidzachite ndi kuika kamwala kakang'ono pamwamba pa chiliza, ndiwo mwambo wathu m'malo mwa nkhata za maluwa. Muwafotokozere anthu asadzaganize zina. Za chakudya musavutike nazo, ndidzaphika zathu ndekha, ndipo kukhitchini ndidzagwira ntchito ngati wina aliyense.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana anu Chiyamiko ndi Vailet, muwauze kuti Sungeni akuloweza Chichewa kuti asadzamuseke. Moni kwa Immaculata ndi ang'ono athu enawo, ndi kwa amalume.

Amayi ndawasiyira kumapeto dala. Sindinakuuzeni, ndipo mwina iwonso sanakuuzeni, koma chichokereni ine pa maliro sanandiyankhulepo. Ndikaimba amapatsa foni mwana aliyense amene ali pafupi, kuti anene kuti agogo ali kudimba, ngakhale ine ndikuwamva akutsokomola pambali. Ndimaimbabe Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Mukapita ku Bembeke muwawerengere kalatayi. Ndinaganiza zoti musankhe zowawerengera, koma ayi, muwerenge yonse, ndi za katani zomwe. Mukatha muwafunse ngati ndingadzafikire m'nyumba mwawo ndi mwamuna wanga ndi mwana, kapena tipeze malo ogona pa boma tizidzabwera m'mawa. Chimene ayankhe mundiuze mmene anenera, musachikometse.

Muwauzenso kuti ndawagulira juzi ya ubweya, yobiriwira. Sindinapatsire Lusayo. Ndikufuna ndidzawaveke ndekha.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Tionenji